Timu Ikatsika, Funso Loyamba Si "Tigule Ndani?"

(Nyimbo yotsegulira, kenaka itsike pang'onopang'ono)

Inu amene mwakhala pakhonde wailesi ili pambali, inu a kabaza amene mukudikira kasitomala pasiteji, amayi amene mukupakula, ndi inu achinyamata amene mukutimvera pa foni, takulandirani ku pulogalamu yathu ya zamasewero. Lero sitiulutsa mpira ayi. Lero tikambirana za thumba la timu, makamaka zimene zimachitika m'thumbamo timu ikatuluka mu ligi yaikulu.

Ndiyambe ndi zimene ndinaziona ndekha. Tsiku lina ndinalowa m'kanyumba kometera tsitsi, ndipo ndinapeza mkangano uli mkati. Timu ina ya ku England inali itangotsika kumene. Mnyamata wometayo, makina ali m'manja, mutu wa kasitomala wameta theka, anali kalikiliki kuwerenga pazala osewera amene timuyo iyenera kugula. "Womwetsa zigoli mmodzi, apakati awiri, goloboyi watsopano. Basi, chaka chamawa tabwerera!" Wina pabenchi n'kumudula: "Iwe, goloboyi alipoyo ndi wabwinobwino, vuto ndi kumbuyo." Mayina anatchulidwa ambirimbiri, ndi mitengo yake yomwe. Ndiye bambo wina wachikulire, amene anangokhala phee pakona nyuzipepala ili pamwendo, anafunsa kuti, "Nanga amene alipowa muwalipira ndi chiyani?" M'nyumba monse munangoti zii, kumangomveka makina okha.

Omvera, funso la bambo ujayo ndilo mutu wa pulogalamu yathu. Timu ikatsika, funso loyamba si lakuti tigule ndani. Funso loyamba ndi lakuti, amene alipowa tiwalipira bwanji? Musunge mawu amenewa, chifukwa tibwererakonso.

Tiyenda chonchi. Poyamba ndikufotokozerani nkhani ya timu imodzi imene ambiri timaidziwa, Leicester City. Kenaka tiona kuti ndalama zimathawira kuti timu ikatsika. Tikatero tilowa pamsika wa osewera, tione chifukwa chake amene mumawakonda ndi amene amayamba kuchoka. Pomaliza ndikusiyirani mafunso oti mukawafunse nokha mkangano ukadzayambanso.

Tiyambe ndi Leicester.

Ndani angaiwale chaka cha 2016? Timu imene chaka chapitacho inapulumukira m'kamwa mwa mbuzi kuti isatsike, inatenga chikho cha Premier League motsogoleredwa ndi mphunzitsi Claudio Ranieri. M'nyumba zoonetsera mpira kuno kwathu, ngakhale otsatira Manchester United ndi Arsenal ankaiombera m'manja. Jamie Vardy akuthamanga ngati waberedwa, Riyad Mahrez akupinda anthu, N'Golo Kanté akupezeka paliponse ngati alipo awiri.

Zitatero, eni timu anapeza njira yawo yopezera ndalama. Ankachita ngati mlimi amene chaka chilichonse amagulitsa ng'ombe imodzi yonenepa n'kugula ana a ng'ombe angapo. Kanté anapita ku Chelsea. Mahrez anapita ku Manchester City. Mu 2019 Harry Maguire anapita ku Manchester United pa mtengo wa mapaundi 80 miliyoni. Ben Chilwell naye anapita ku Chelsea. Ochemerera ankadandaula chaka ndi chaka, koma khola silinkatha, ndipo timu inkachita bwino. Mu 2020 inathera pa nambala 5, mu 2021 pa nambala 5 pomwepo, ndipo chaka chomwecho inatenga chikho cha FA Cup itagonjetsa Chelsea ndi chigoli cha Youri Tielemans.

Apa m'pamene zinthu zinayamba kupindika. Kawiri konse timuyi inatsala pang'ono kulowa mu Champions League, kumene kuli ndalama zambiri, koma kawiri konse inaphonya pa tsiku lomaliza. Mu 2021 sinagulitse ng'ombe yonenepa ija, koma inagulabe osewera. Mmodzi mwa iwo, abale athu a ku Zambia mukumudziwa bwino, ndi Patson Daka, mnyamata amene anadzera ku Kafue Celtic, n'kupita ku Red Bull Salzburg, kenaka ku Leicester. Ndi yemwe uja anamwetsa zigoli zinayi yekha pa masewero amodzi ndi Spartak Moscow. Malipiro a osewera anakwera. Timu inali itamanganso malo atsopano ochitirako masewero okonzekera. Ndipo eni ake, a kampani ya King Power ya ku Thailand, bizinesi yawo ndi masitolo a m'mabwalo a ndege, amene anavutika kwambiri mliri wa Covid utaimitsa maulendo.

Akulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Leicester inkalipira anthu ngati timu ya mu Champions League, pamene ndalama za Champions League zinali zikadali pachala.

Pofika 2022 thumba linali litauma. Anagulitsa Wesley Fofana ku Chelsea, goloboyi Kasper Schmeichel anachoka, koma sanagule osewera oti n'kulimbitsa timu. Tsono linafika tsiku la 28 May 2023. Taganizani bwalo la King Power litadzaza. Leicester ikusewera ndi West Ham, Harvey Barnes wamwetsa kale, koma anthu maso sali pa mpira, ali pa mafoni. Akudikira nkhani yochokera ku Goodison Park, kumene Everton ikusewera, chifukwa Everton ikangopambana, Leicester yatsika. M'chigawo chachiwiri Abdoulaye Doucouré anamwetsa chigoli cha Everton. Uthenga unayenda m'bwalo la Leicester kuchokera mpando uwu kupita mpando uwo, nyimbo zikuzima pang'onopang'ono. Tsiku limenelo Leicester inapambana 2 kwa 1, koma inatsikabe, patangopita zaka 7 kuchokera pamene inali akatswiri a England.

M'mawa mwake ochemerera anayamba funso lija: tigule ndani kuti tibwerere? Koma m'maofesi a timu munali funso lina. Mabuku a ndalama a chaka chimenecho anaonetsa kuti timu inaluza pafupifupi mapaundi 90 miliyoni, ndipo malipiro okha anaposa ndalama zonse zimene timu inapeza. Mwamva bwino, omvera. Zolipira antchito zinaposa zonse zolowa. Zili ngati munthu wa golosale amene pa mwezi amagulitsa katundu wa 100,000 kwacha, koma anyamata ake ayenera kuwalipira yoposa pamenepo, lendi asanapereke n'komwe.

Tiyeni tsopano tione gawo lachiwiri: kodi ndalama zimathawira kuti timu ikatsika?

Timu ya mpira imapeza ndalama m'njira zitatu zikuluzikulu. Yoyamba ndi ya pageti, anthu akamalipira kuti aonere masewero. Yachiwiri ndi ya makampani othandiza, amene mayina awo mumawaona pa yunifolomu ndi m'mbali mwa bwalo. Yachitatu, imene ku England ndiyo yaikulu kuposa zonse, ndi ya kanema. Makampani oonetsa mpira pa TV amalipira ligi, ligi n'kugawira matimu. Ndipo musadabwe, inunso muli momwemo. Kandalama kamene mumapereka pakhomo la nyumba yoonetsera mpira ku Ndirande, ku Kawale kapena ku Chipata, mwini nyumbayo amalipirira dikoda, ndipo kagawo kena kamayenda mpaka kukafika ku England.

Mu Premier League, ngakhale timu yothera kumchira imalandira ndalama za kanema zoposa mapaundi 100 miliyoni pa chaka. Mu ligi yachiwiri, imene amaitcha Championship, timu wamba imalandira pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a ndalama imeneyo. Mwezi wa May muli m'nyanja, mwezi wa August muli pachithaphwi. Makampani othandiza nawonso amatsitsa ndalama zawo, chifukwa dzina lawo silionekanso padziko lonse. Koma makontrakiti a osewera sathera pa tsiku lotsikalo. Amene anasaina zaka zinayi akuyembekezerabe malipiro ake mwezi ndi mwezi.

N'chifukwa chake ku England kuli ndalama zimene amazitcha parachute payments. Parachute ndi chinsalu chija munthu amadumpha nacho m'ndege kuti asagwe mwamphamvu. Timu yotsika imapatsidwa gawo la ndalama za kanema zimene ikanalandira: chaka choyamba kupitirira theka pang'ono, chaka chachiwiri kuchepera theka pang'ono, ndipo chaka chachitatu kagawo kakang'ono, kokhako ngati timuyo inakhala mu Premier League kupitirira chaka chimodzi. Ochemerera ambiri akamva za ndalama imeneyi amati, "Eya, nayo ndalama yogulira osewera." Ayi ndithu. Imeneyo ndi ya chipepeso, yoti mulipirire anthu amene munawalonjeza kale malipiro a Premier League. Ndipo imatha. Zaka zitatu zikadutsa musanabwerere, mwatsala nokha.

Matimu ochenjera amaika mfundo m'kontrakiti yakuti, tikatsika malipiro ako atsikanso, nthawi zina mpaka theka. Koma mfundo iliyonse ili ndi mtengo wake. Wosewera akavomera kudulidwa malipiro, amapemphanso khomo lotulukira. Zinachitika ku Leeds United, imene inatsika limodzi ndi Leicester mu 2023. Osewera angapo anali ndi mfundo yowalola kupita kwina mobwerekedwa timu ikatsika. Jack Harrison anapita ku Everton, Brenden Aaronson ku Union Berlin, Marc Roca ku Real Betis, ndi ena otero. Malipiro anapepuka, inde, koma Leeds sinalandire ndalama zowagulitsira pa nthawi imene inkazifuna kwambiri.

Tisaiwalenso anthu amene sitiwaona pa kanema. Timu ikayamba kudula ndalama, kawirikawiri oyamba kumva kuwawa si omwetsa zigoli ayi. Ndi ogulitsa matikiti, ophika, osamalira kapinga, ndi ogwira ntchito m'sitolo ya timu. Wosewera wodziwika amapeza timu ina sabata yomweyo, koma mayi wophika uja amabwerera kunyumba.

Tipume kaye pang'ono. Pamene nyimbo ikulira, taganizirani funso lathu lija: timu ikatsika, amene alipowa tiwalipira bwanji? Tikabwerera tilowa pamsika.

(Nyimbo)

Takulandiraninso, omvera. Ngati mwangotsegula kumene wailesi, tikukambirana za thumba la timu imene yatsika mu ligi, ndipo chitsanzo chathu ndi Leicester City. Taona kuti zolowa zimagwa tsiku limodzi, koma zolipira zimatsala. Tsopano tiyeni pamsika wa osewera.

Aliyense amene anagulitsapo chimanga chifukwa cha matenda pakhomo akudziwa mmene vendala amachitira akazindikira kuti muli pamavuto. Mtengo amatchula ndi iyeyo. Timu yotsika imalowa pamsika chimodzimodzi. Aliyense akudziwa kuti ikufuna ndalama, ndipo osewera ake akufuna kuchoka.

Leicester itatsika, James Maddison anapita ku Tottenham pa mtengo wa pafupifupi mapaundi 40 miliyoni. Harvey Barnes anapita ku Newcastle pa mtengo woyandikira pomwepo. Koma nkhani yowawa ndi ya Tielemans, mwini chigoli cha FA Cup chija. Anamugula ku Monaco ndi ndalama zambiri mu 2019, koma kontrakiti yake inatha mu 2023, ndipo anapita ku Aston Villa popanda Leicester kulandira ngakhale tambala. Osewera ena angapo anachokanso chimodzimodzi. Ochemerera ena amene ankati "Tielemans asagulitsidwe zivute zitani" anali omwewo amene ankafunsa kuti, "Bwanji sitinamugulitse chaka chatha?" Pa mpira, wosewera amene kontrakiti yake ikutha ali ngati tomato wakupsa: lero ali ndi mtengo, mawa n'ngongotaya.

Tsono pali chinthu china chimene chimasokoneza ochemerera ambiri. N'chifukwa chiyani timu imagulitsa mwana wake weniweni, wokulira pakhomo, n'kusunga mlendo amene sakuchita bwino? Mvetserani bwino apa, ndifotokoza pang'onopang'ono.

Timu ikagula wosewera, tinene pa mapaundi 50 miliyoni, n'kumupatsa kontrakiti ya zaka zisanu, m'mabuku salemba ndalama yonseyo nthawi imodzi. Amaigawa m'zaka zisanuzo, 10 miliyoni chaka chilichonse. Pakatha zaka ziwiri, m'mabuku wosewerayo akadali ndi mtengo wa 30 miliyoni. Mukamugulitsa pa 20 miliyoni, mabuku amati mwaluza. N'chifukwa chake timu imazengereza kugulitsa wosewera wodula amene walephera. Koma mwana wokulira mu akademi ya timu sanagulidwe. Ali ngati mbuzi yobadwira m'khola lanu: mukaigulitsa, ndalama yonse imalembedwa ngati phindu.

Izi zinali zofunika chifukwa ligi za ku England zinaika malire a ndalama zimene timu ingaluze pa zaka zitatu, ndipo malire a mu Championship anali otsika kwambiri poyerekeza ndi a Premier League. Mukapyola, ankakulandani mapointi. Everton ndi Nottingham Forest analandidwa mapointi m'chaka cha mpira cha 2023 mpaka 2024, ndipo Leicester nayo inakhala ikukokanakokana ndi akuluakulu a ligi pa nkhani yomweyi. Harvey Barnes anali mwana wa pakhomo. Kiernan Dewsbury-Hall analowa mu akademi ya Leicester ali kamnyamata ka pulayimale, ndipo ndi mmodzi mwa amene anaibweza timu mu Premier League mu 2024. Mphotho yake inali yotani? Anagulitsidwa ku Chelsea pa mapaundi pafupifupi 30 miliyoni. Anachoka chifukwa cha mabuku, osati chifukwa cha miyendo yake.

Mwina wina akuti, "Achimwene, ndiye mukutanthauza kuti timu yotsika isagule konse?" Ayi, sindikutero. Ochemerera akamafuna osewera atsopano salakwa. Leicester inagula ndithu. Inatenga mphunzitsi Enzo Maresca, inagula Harry Winks, Conor Coady, Stephy Mavididi ndi goloboyi Mads Hermansen, inabwerekanso mnyamata wa ku Ghana Abdul Fatawu. Onsewa anali otsika mtengo poyerekeza ndi amene anachoka, ndipo anatenga chikho cha Championship mu 2024. Koma onani mmene zinatsatirana. Anayamba ndi kugulitsa ndi kupepuza malipiro, kugula kunabwera pambuyo.

Njira inayo, yongotchova juga, mbiri yake ilipo. Leeds United inafika mu ndime ya matimu anayi ya Champions League mu 2001. Inakongola ndalama zambiri poyembekezera kuti izisewera mpikisano umenewu chaka ndi chaka. Itaphonya, inayamba kugulitsa akatswiri ake, kuphatikizapo Rio Ferdinand, koma dzenje silinakwiririke. Mu 2004 inatsika. Mu 2007 inatsikanso kupita mu ligi yachitatu, ngongole zili m'khosi, mapointi akulandidwa. Inabwerera mu Premier League mu 2020, patapita zaka 16. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Ndipo ngakhale kubwerera sikuti mavuto atha. Leicester inakwera mu 2024, Maresca n'kupita ku Chelsea, Dewsbury-Hall n'kumutsatira komweko, ndipo mu 2025 timu inatsikanso. Zaka ziwiri zotsatizana, matimu onse atatu amene anakwera mu Premier League anatsika chaka chomwecho. Vardy, amene anamugula ku Fleetwood Town mu 2012 ndi mapaundi 1 miliyoni yokha, anatsanzika atamwetsa chigoli chake cha nambala 200 pa masewero ake a nambala 500. Taonani, wosewera amene anaipatsa Leicester zambiri kuposa wina aliyense anali mmodzi mwa otsika mtengo kwambiri.

Tafika m'gawo lomaliza, omvera, la mafunso oti muwatenge.

Mkangano ukadzayambanso, kaya mu minibasi, pabawo, kapena pa gulu lanu la WhatsApp, musanatchule dzina la wosewera woti agulidwe, yambani ndi mafunso atatu. Loyamba: pa ndalama zimene timu imapeza, ndi zingati zimene zimapita ku malipiro? Lachiwiri: ndi osewera ati amene makontrakiti awo akutha, ndipo ndi ati amene angabweretse ndalama akagulitsidwa lero? Lachitatu: tikapanda kubwerera chaka chino, kapena chamawa, timu idzakhalapobe? Amene wayankha mafunso atatuwa ndiye ali ndi ufulu wotchula womwetsa zigoli amene akumufuna.

Mafunso amenewa si a ku England kokha. Matimu athu ambiri kuno amadalira ndalama za pageti ndi dzanja la wothandiza mmodzi, kaya ndi kampani, kaya ndi munthu. Taganizirani timu ya kwanuko, kaya ili mu Super League, kaya mu ligi ya m'chigawo, kaya ndi ya pamudzi pomwepo. Itatsika lero, wothandiza uja angakhalebe? Osewera analandira malipiro awo a miyezi yapitayi? Ya basi yopitira kumasewero akutali ichokera kuti? Ku msonkhano wa timu, kodi munafunsapo kuti muone mabuku, kapena mumangofunsa za osewera atsopano? Ndipo inu amene mumati ndinu sapota weniweni, timu itatsika mudzapitabe kubwalo n'kukalipira pageti, kapena mudzayamba mwaima kaye mpaka idzabwerere?

Bambo uja wa m'nyumba yometera sanatchule dzina la wosewera ndi mmodzi yemwe, koma ndi iye amene anafunsa funso la munthu wokonda timu. Timu ikatsika, funso loyamba si lakuti tigule ndani. Funso loyamba ndi lakuti, amene alipowa tiwalipira bwanji? Loweruka likubwerali, anzanu akadzayamba kuwerenga mayina pazala, mudzakhale inuyo wofunsa funso limeneli, ndipo mudzatiuze zimene akuyankheni.

Tidzakumanenso sabata yamawa nthawi ngati yomweyi. Tsalani bwino.

(Nyimbo yotsekera)